Wailesi ikagula khadi la chipani

Ife amene timalankhula pa wailesi za kuno kumalire tili ndi nthawi imodzi imene sitisewera nayo, ndiyo nthawi ya mauthenga. Munthu amapalasa njinga kuchokera ku Domwe, wina kutsika m'mapiri a ku Tsangano, ali ndi kapepala m'thumba kolembedwa ndi pensulo: agogo auje atisiya usiku wapitawu, maliro ali mawa, abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu amve. Wina ng'ombe zake ziwiri zasokera kudambo. Wina akuitanitsa msonkhano wa komiti ya mjigo. Ukangophonya dzina la mudzi, mawa lake akuimitsa pamsika, ndipo ulibe choyankha chifukwa wolakwa ndiwe.

Komatu masiku ano foni ya mu situdiyo siilira kwambiri pa nthawi ya mauthenga. Imalira pa pologalamu ija timapereka mutu ndi kupempha omvera kuti aimbe alankhulepo. Tsiku lina ndidapereka mutu wa mtengo wa feteleza. Woyamba kuimba adali mayi wina wolima mbatatesi, amene adafunsa mwaulemu kuti nanga thumba la feteleza likamakwera chotere pamene ogula mbatatesi akutsitsa mtengo, mlimi apindula pati. Wachiwiri adati vuto ndi chipani chakuti. Wachitatu adayankha wachiwiriyo, koma sadayankhe za feteleza ayi, adayamba kuwerenga midzi imene idatenthedwa nthawi ya nkhondo ndi amene adaitentha. Kuchokera pamenepo mpaka ola lidatha, palibe adatchulanso thumba kapena munda. Foni idalira kuposa masiku onse. Ndipo ndiulule pano, ineyo ndidatuluka mu situdiyo ndikumwetulira, ati pologalamu yayenda bwino. Ndidakumbukira ndili kale panjinga kuti funso la mayi aja lidangotsala lokha.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsono lero ndifuna tipite kutali pang'ono, ku Amereka, kumene anzathu adayenda njira imeneyi mpaka kumathero ake, tikaone kuti idayambira pati.

Tikamva za Amereka timaganiza za nyumba zosanja za ku New York, koma mkati mwa dzikolo muli timatauni tambirimbiri ta alimi a chimanga, tirigu, nkhumba ndi ng'ombe. Kale matauni ambiri otere adali ndi wailesi yawoyawo ya pa AM. Muulutsi adali mwana wa komweko, wodziwika ndi makolo ake omwe. M'mamawa amanena za nyengo ndi mtengo wa chimanga, amalengeza amene amwalira, madzulo amaulutsa mpira wa ana a sukulu. Padalinso nthawi yoti anthu aimbe foni, wina akugulitsa thirakitala yakale, wina galu wake wasowa. Mukadaimva mukadati ndi yathu yomweyi, kusiyana chilankhulo chokha.

M'chaka cha 1949 bungwe la boma loyang'anira za mawailesi kumeneko, lotchedwa FCC, lidaika lamulo limene adalitcha Fairness Doctrine, tinene kuti lamulo la kusakondera. Maganizo ake adali akuti njira za mumlengalenga zimene mawu amadzera ndi zowerengeka ndipo si za munthu mmodzi, choncho wolandira chiphaso choulutsira mawu ali ngati munthu wobwereka munda wa mudzi. Lamulolo linkafuna zinthu ziwiri: kuti wailesi izikamba nkhani zimene anthu akutsutsana, ndi kuti pokambapo mbali zosiyana zimveke. Silinkati aliyense apatsidwe mphindi zofanana ndendende. Linkangofuna chimene nyakwawa iliyonse kuno ikuchidziwa, kuti mlandu sugamulidwa pakamwa pa munthu mmodzi.

Lamuloli lidayesedwa m'katauni kena kotchedwa Red Lion, m'chigawo cha Pennsylvania. M'chaka cha 1964 mlaliki wina, Billy James Hargis, adagwiritsa mphindi 15 pa wailesi ya kumeneko kunyoza mtolankhani Fred Cook, amene adalemba buku lodzudzula Barry Goldwater, yemwe ankapikisana nawo pa upulezidenti chaka chimenecho. Cook adapempha nthawi yaulere yoti adziyankhire, eni wailesi nkukana. Mlandu udakwera mpaka ku bwalo lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1969 oweruza adagwirizana onse kuti lamulolo nlabwino, ponena kuti ufulu wa omvera ndi umene uli patsogolo, osati wa eni wailesi.

Ndisakunamizeni kuti lamuloli lidali loyera ngati ufa. Pambuyo pake zidaululika kuti m'zaka za m'ma 1960 anthu a chipani cha Democratic, chimene chinkalamula, ankaligwiritsa ntchito povutitsa mawailesi a otsutsana nawo, pomatumiza madandaulo osatha kuti eni ake atope. Eni wailesi ena, poopa milandu, ankangothawiratu nkhani za ndale. Ndodo yoweta nayo ng'ombe ndi yomweyo ena amamenyera anzawo. Motero pamene boma la Ronald Reagan lidayamba kumasula malamulo a zamalonda, odana ndi lamuloli adali ndi ponena. Aphungu adayesa kulikhazikitsa m'malamulo a dziko mu 1987, Reagan nkukana kusaina, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho FCC idalithetsa.

Ambiri akamafotokoza nkhaniyi amalekera pomwepa, ngati kuti lamulo litangochoka basi andale adathamangira m'masitudiyo. Sizidayende motero. Chimene chidatsegula chitseko ndi njala. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 omvera ambiri adali atasamukira ku FM, kumene nyimbo zimamveka bwino kopanda phokoso, ndipo otsatsa malonda adawalondola komweko. Mawailesi a AM adatsala ngati sitolo imene msewu waipatukira. Nthawi yomweyo zipangizo za setilaiti zidatsika mtengo, kotero kuti munthu mmodzi ali ku New York akanatha kumveka m'matauni mazana nthawi imodzi, omvera nkumamuimbira pa nambala yosalipira.

Munthuyo adapezeka. Dzina lake Rush Limbaugh, wobadwa mu 1951 ku Cape Girardeau m'chigawo cha Missouri. Adayamba kulankhula pa wailesi ya kwawo ali mnyamata wa sukulu, adachotsedwapo ntchito kangapo, ndipo mu 1984 adapeza malo pa wailesi ya KFBK ku Sacramento. Pa 1 Ogasiti 1988, chaka chimodzi lamulo lija litatha, pologalamu yake idayamba kumveka m'dziko lonse pa mawailesi 56. Zisanathe zaka khumi idali pa mawailesi pafupifupi 600, maola atatu tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, omvera ali mamiliyoni ambiri.

Apa ndipo pali fupa la nkhani, ndipo ine monga wantchitoyi ndi pamene pamandilowa. Eni pologalamu sankaigulitsa kwa mawailesi ang'onoang'ono aja. Ankaipereka ulere. Malipiro ake adali akuti pa ola lililonse mphindi zingapo za malonda zikhale za eni pologalamu, zotsalazo mwini wailesi agulitse yekha kwa amasitolo a m'tauni yake. Tsono dziikeni m'malo mwa mwini wailesi amene ngongole ya magetsi yamufika pakhosi. Muulutsi wake wa m'deramo amafuna malipiro mwezi ndi mwezi, amadwala, amapita kumaliro, tsiku lina amabwera ataledzera. Uyu wa pa setilaiti safuna kanthu, sachedwa, ndipo akayamba kulankhula anthu sazimitsa wailesi. Mwini wailesi sankafunika kukhala wa chipani chilichonse kuti asankhe. Ankangofunika kudziwa kuwerengera. Wolemba mbiri wina wa kumeneko, Brian Rosenwald, amene adafufuza nkhaniyi, adafika pomwepo, kuti chidayamba ndi malonda, ndale zidatsatira pambuyo.

Tisamuchepetse Limbaugh. Adali katswiri pa maikolofoni. Ankadziwa kuseketsa, kupereka maina achipongwe kwa amene sagwirizana nawo, kuima kaye pang'ono kuti mawu alowe. Anthu ambiri a kumidzi ndi a m'matchalitchi, amene ankaona kuti manyuzipepala ndi makanema a m'mizinda ikuluikulu amawanyoza, adamva ngati apeza wowalankhulira, ndipo dandaulo lawo silidali lopanda pake. Koma pologalamu yake siidali bwalo. Alendo sankaitana kawirikawiri, oimba foni ankayamba asankhidwa ndi wothandizira wake, ndipo omvera ake adazolowera kuyamba ndi liwu lakuti "ditto", kutanthauza kuti inenso chimodzimodzi. Mpaka iwo eni adayamba kudzitcha ndi dzina lochokera ku liwu limeneli. Taganizani mfumu imene aliyense wolowa m'bwalo lake ayamba ndi kunena kuti zimene mwanenazo ndi zomwezo.

Mphika ukatuluka bwino, oumba ena amaonera. Adabwera a Sean Hannity, Michael Savage, Glenn Beck, Mark Levin ndi ena, aliyense ndi maola ake, mpaka mawailesi ambiri a AM adasanduka olankhula mbali imodzi kuyambira m'mawa mpaka usiku. Oulutsa a m'madera amene adatsala pantchito adaona okha kumene mphepo ikulowera, nayamba kutsanzira. Muulutsi amene kale ankakangana ndi omvera za mlatho wa m'tauni kapena msonkho wa sukulu, tsopano ankakalipira andale a ku Washington amene sadawaonepo ndi maso.

Chaka cha 1994 tonse kuno timachidziwa. A Malawi adavota mu Meyi, ife nkuvota mu Okutobala, koyamba zipani zili zambiri. Ku Amereka nakonso kudali chisankho mu Novembala, ndipo chipani cha Republican chidatenga nyumba ya aphungu koyamba patapita zaka 40. Aphungu atsopano a chipanicho sadabise amene adawathandiza: adamupatsa Limbaugh ulemu womuyesa mmodzi wa gulu lawo. Kuyambira pamenepo zinthu zidatembenuka. Poyamba muulutsi ndiye ankatsata andale, tsopano andale ndiwo adayamba kuopa muulutsi. Phungu wofuna kugwirizana ndi a mbali ina pa nkhani iliyonse ankadziwa kuti mawa masana atchedwa wogulitsa anzake, anthu a kwawo akumva m'magalimoto ndi m'minda.

Kenaka mu 1996 Pulezidenti Bill Clinton, amene adali wa chipani cha Democratic, adasaina lamulo latsopano la zamtokoma. Lisanabwere, kampani imodzi siinkaloledwa kukhala ndi mawailesi oposa 40 m'dziko lonse. Lamulolo lidachotsa malire amenewo, nkulolanso kuti m'mizinda ikuluikulu kampani imodzi ikhale ndi mawailesi mpaka asanu ndi atatu. Kampani ya Clear Channel, ya ku Texas, idayamba kugula ngati wogula nyemba nthawi yokolola, ndipo m'zaka zochepa idali ndi mawailesi pafupifupi 1,200. Kampani yomweyo ndiyo idadzakhala mwini wa nthambi yofalitsa pologalamu ya Limbaugh, amene mu 2008 adasaina nayo pangano la zaka zisanu ndi zitatu lomwe lidamveka kuti ndi la madola 400 miliyoni. M'matauni ang'onoang'ono oulutsa adachepa. Mawu ankajambulidwa kutali ndi munthu wotchula dzina la tauni imene sadapondemo, makina nkumaseweretsa okha usiku wonse.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 18 Januwale 2002, cha m'ma 1:30 usiku, sitima ya katundu idagwa m'njanji pafupi ndi tauni ya Minot m'chigawo cha North Dakota, tauni ya anthu oposa 30,000. Idanyamula mankhwala a amoniya, omwe alimi a kumeneko amathira m'minda ngati feteleza. Matanki asanu adang'ambika, chiutsi chakupha nkuphimba mbali ya tauni anthu ali mtulo, kunja kukuzizira koopsa. Chofunika chidali chakuti wina auze anthu kuti asatuluke, atseke mazenera, aphimbe kumaso ndi nsalu yonyowa. Apolisi adayesa makina awo ochenjezera anthu, osatheka. Adaimba foni ku wailesi imene idasankhidwa kuti izilengeza za ngozi, foni nkumangolira osayankhidwa kwa nthawi yaitali, wailesi ikuimba nyimbo. Mawailesi onse asanu ndi imodzi amalonda a m'tauniyo adali a Clear Channel. Munthu mmodzi adamwalira, oposa 300 adavulala. Kampaniyo idadziteteza ponena kuti wantchito wake adalipo usikuwo ndi kuti apolisi ndiwo sadadziwe kugwiritsa bwino makina ochenjezera, ndipo mbali ya mawu awo idali yoona.

Wina afunsa kuti nanga za sitimazi zikukhudzana bwanji ndi ndale, poti wailesiyo inkaimba nyimbo. Zikukhudzana pa mpando. Kuwerengera kumene kudachotsa muulutsi wa m'deramo masana kuti pakhale wokalipa wa pa setilaiti, ndi komweko kudachepetsa anthu usiku kuti pakhale makina. Anthu a m'matauni otere akanatha kumva maola atatu tsiku lililonse za zoipa za chipani china, koma usiku umene adafuna liwu limodzi la munthu wa kwawo, silidamveke m'nthawi yake.

A mbali inayo nawo adayesa kubwezera. Mu 2004 adayambitsa Air America, kuti nawonso azikalipa kuchokera kwawo, koma idalephera kudzilipirira ndipo idatsekedwa mu Januwale 2010. Onani kuti adafuna kuzima moto ndi moto unzake, za bwalo lomva mbali zonse sadazikumbukenso. Mu 2011 mawu otsala a lamulo la kusakondera adafufutidwa m'mabuku a FCC, ndipo mu 2017 adachotsanso lamulo lokakamiza wailesi kukhala ndi situdiyo m'dera limene ikuulutsira. Limbaugh adalandira mendulo yaulemu kwa Pulezidenti Donald Trump mu Febuluwale 2020, namwalira ndi khansa ya m'mapapo mu Febuluwale 2021.

Tibwerere kwathu. Wailesi ya mbali imodzi si yachilendo kwa makolo athu. Bambo anga adali ndi Xirico yawo imene ankaisunga ngati mwana, mabatire akatha nkuwayanika padzuwa. Amene adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo akukumbukira MBC ya masiku a Kamuzu, imene inkadziwa chipani chimodzi chokha, monganso wailesi ya kwathu kuno lisanabwere lamulo la atolankhani la 1991. Koma imeneyo idali mbali imodzi yolamulidwa kuchokera kumwamba, ndipo aliyense ankadziwa kuti akumva mawu a boma. Ankamvera ndi khutu limodzi. Ya ku Amereka ndi ya mtundu wina, ndipo kwa ine ndi yoopsa koposa, chifukwa palibe adailamula. Omvera adaikonda okha, eni wailesi nkupeza phindu.

Pa nthawi ya kampeni tili ndi tempo de antena pa Rádio Moçambique, pamene chipani chilichonse chopikisana chimalankhula m'nthawi yake, ndipo womvera amadziwa kuti ino ndi nthawi ya akuti. Zimenezo sizindidetsa nkhawa. Chondidetsa nkhawa ndi masiku wamba, pa wailesi zazing'ono ngati imene ndimagwirako, zimene zimakhalira ndalama za mauthenga ndi timalonda ta amasitolo. Kwa ife nyambo siidzabwera pa setilaiti. Idzabwera pa njinga yamoto. Kudafikapo bambo wina wovala bwino, waulemu ndithu, amene adati akudziwa kuti magetsi akutivuta ndipo ali wokonzeka kulipira mwezi wathunthu. Sadapemphe kuti titamande chipani chake ayi. Adangopempha ola limodzi pa sabata lokamba za chitukuko, alendo ake asankhe yekha. A komiti yathu adakhala pansi masana onse, ndipo sindinama kuti onse adakana msanga. Wina adafunsa funso limene mpaka lero ndilibe yankho lake: tikakana, wailesi ikazima chifukwa cha magetsi, mauthenga a maliro tidzaulutsira pati? Pomaliza tidamuuza kuti ola lilipo, koma alendo asankha ndi komiti ndipo foni ikhala yotsegukira aliyense. Adati akaganiza. Sadabwerenso, ndipo mwezi umenewo tidatseka msanga masiku angapo.

Palinso china chimene ndazindikira nditayamba kulemba m'kope maina a midzi ya oimba foni. Pa nkhani za zipani oimba ndi omwewo omwewo, amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi amene kiredito yawo siitha, ndipo sindidziwa amawagulira ndani. Mayi wa kumunda ali ndi kiredito ya mphindi imodzi, akapeza foni ili yotanganidwa kawiri amaleka. Ife mu situdiyo timamva foni ikulira nkumati mudzi wonse walankhula, chonsecho alankhula anthu asanu. Kuyambira mwezi watha ndimati woimba lero adikire sabata yamawa, ndipo wotuluka pa mutu ndimamubweza kamodzi, kachiwiri ndimadula. Ena akwiya nazo. Mmodzi adandiuza pamsika kuti ndagulidwa ndi boma, mawa lake wina nkundiuza kuti ndagulidwa ndi otsutsa. Foni nayo yachepa kulira, ndipo a malonda ayamba kufunsa.

Lachinayi likudzali mutu ndi feteleza womwe uja, ndipo ndaitana mlangizi wa zaulimi ndi mmodzi wa ogula mbatatesi kuti adzakhale mu situdiyo. Mayi a mbatatesi aja, ngati mwana wanu akukuwerengerani tsamba lino, chonde imbaninso. Mukapeza foni ili yotanganidwa, ingolizani kamodzi nkudula, ine ndidzakuimbirani.